Mpando Umene Aliyense Ankauthawa

Tsiku limene anatuluka m'ndende, Mpala anaima panja pa chipata maola awiri osadziwa kolozetsa phazi. Msilikali anali atamuuza mawu atatu okha: "Ndiwe mfulu, pita." Chitseko chachitsulo chinati gwa kumbuyo kwake, iye n'kutsala ndi jumbo ya pulasitiki, buluku lomwe analowa nalo zaka zisanu zapitazo, ndi nsapato zomwe makoswe a m'chipinda chosungira katundu anali atazilawa kale.

Inu amene mwatsegula tsamba lino mutagwa mphwayi, khalani kaye pansi. Ndikufuna ndikuuzeni za munthu amene anafika pansi penipeni, pomwe ngakhale galu wa m'njira amakuyang'ana mwachisoni.

Dzina lakuti Mpala analitola m'ndende momwemo. Anamuika pa ntchito yometa akaidi anzake, ndipo kumeneko kametedwe n'kamodzi: mpala. Zaka zisanu, mitu mazanamazana, yonse mbee. Za chimene chinamulowetsa sindibisa. Tsiku lina atakhuta mowa anakangana ndi munthu pa nkhani ya mpira, n'kumudula khutu ndi botolo losweka. Timu imene ankaimenyera nkhondoyo sinakamuoneko kundende ngakhale kamodzi.

Njala itamukumbutsa kuti munthu sakhalitsa pachipata, anayamba ulendo wa kunyumba kwa mkazi wake.

Mkaziyo anali telala. Ankasokera pakhonde pa nyumba yawo, m'mbali mwa msewu, ndipo anamuona akubwera ali patali. Makina sanawaimitse.

"Odi," anatero Mpala.

"Ndakuonani. Khalani pakhonde pomwepo."

Anamupatsa tiyi ndi buledi. Atadya, mayiyo anachotsa phazi pa makina n'kumuyang'ana m'maso.

"Bambo a mwana, sindinakwatiwenso, ndipo musaganize kuti ofunsira anasowa. Koma m'nyumba muno mwana wakula osamvapo munthu akukuwa kapena mbale ikusweka. Sindingalowetsemo munthu amene sindikumudziwa."

"Koma mayi, ndine yemwe uja."

"N'chimene ndikuopacho."

Mpala anayang'ana pansi.

"Mwati mwaphunzira kumeta," anapitiriza mayiyo. "Chabwino. Tsiku limene ndidzaone ndi maso angawa munthu wamkulu, wanzeru zake, wodziwa chimene munachita, atabwera yekha ndi miyendo yake n'kupereka khosi kwa inu lumo lili m'manja, tsiku limenelo mudzalowa. Mlendo akakukhulupirirani ndi khosi lake, inenso ndidzakukhulupirirani ndi nyumba yanga."

Munthu mmodzi yekha! Mpala anatsala pang'ono kuseka. Ankaganiza kuti pofika Lachisanu adzakhala atalowa.

Tsidya lina la msewu womwewo, moyang'anizana ndi makina a telala, kunali sitolo ya mkulu wake, yogulitsa misomali, utoto ndi simenti. Achimwene akewo anayamba ndi kuwongola misomali yopindika n'kumagulitsa m'chitini, ndipo palibe amene analowa m'sitolomo n'kutuluka osaimva nkhani imeneyi. Anthu ankawatchula kuti a Wakuletsandani, chifukwa ndilo linali yankho lawo pa dandaulo lililonse. Ukati ulibe ntchito, wakuletsa ndani? Ukati sunakwatire, wakuletsa ndani? Akuti tsiku lina munthu anadandaula za dzino, yankho n'kukhala lomwelo.

"Ugona kumbuyoko, pa matumba a simenti," anatero atamva nkhani yonse. "Khonde ndi ilo. Meta."

"Ndimeta ndi chiyani, achimwene? Mano?"

"Zimenezo ndi zako. Tamvera, mng'ono wanga. Ufulu ndi wakuti pasakhale munthu wokuimira patsogolo. Boma lakumasula, ine sindinakugwire, apolisi sakukufuna. Chatsala n'chiyani? Ndikakupatsa makina lero, mawa ndiyamba kukuuza pometa ndi posiya. Wokudyetsa ndiye amagwira chingwe chako."

Mpala anatola chidebe cha utoto n'kuchivundikira kuti chikhale mpando. Anapeza lezala imodzi ndi chibenthu cha galasi la galimoto, n'kukhala pakhondepo kudikira.

Palibe anamuletsa. Palibenso anabwera. Sabata yonse anali mfulu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, iye ndi njala yake. Odutsa ankayang'ana chidebe, kuyang'ana lezala, kuyang'ana mwini wake, n'kuwolokera tsidya lina.

Loweruka kunatulukira achemwali awo, mphunzitsi wa ku sekondale, mayi amene ngakhale popereka moni ankamveka ngati akufunsa funso la mayeso. Ataona chidebe chija anagwira m'chiuno.

"Achimwene, chimenechi n'chiyani?"

"Bizinesi. Ndamupatsa ufulu."

"Ufulu wanji umenewu? Mukauza munthu wothyoka mwendo kuti msewu ndi wotsegula, mwamupatsa chiyani? Mwanayu alibe makina, alibe mpando, amadziwa kametedwe kamodzi kokha, koopsa ana. Munthu amene sangathe kuchita kanthu ndi womangidwa, ngakhale chingwe chisaoneke."

"Ine amene anandipatsa mpando ndani? Ndinayamba ndi misomali yopi..."

"Misomali yanuyo taimva. Munali ndi miyendo iwiri, dzina loyera, ndi sukulu imene anakulipirirani amayi. Musamaiwale."

Pano ndipatuke pang'ono. Mkangano umenewu si wa banja limeneli lokha ayi. Anthu a mabuku akhala akukokana nawo zaka mazana, ndipo ine ndinayesapo kuwawerenga mpaka mutu kuwawa. Akalewo ankaopa mafumu ndi akuluakulu a boma, amene ankauza munthu chopembedza, cholankhula ndi chogulitsa. Iwo anati ufulu ndi kusiyidwa: boma liteteze munthu kwa akuba ndi achiwembu, likatero lipatuke panjira. Obwera pambuyo anayang'ana amphawi n'kuona kuti palibe akuwaletsa kanthu, koma umbuli, matenda ndi njala zawakhalira pakhosi. Iwo anati tonse tisonkhe, timange sukulu ndi chipatala, kuti munthu athe kuugwiritsa ntchito ufulu wakewo. Akale aja n'kuyankha kuti chenjerani, dzanja lothandiza silichedwa kusanduka dzanja lolamula. Magulu onsewa amati amakonda ufulu, ndipo onse sanama. Kusiyana kwake n'kwakuti a mabuku amakangana m'maholo, pamene achimwene ndi achemwali a Mpala ankakangana pakhonde la sitolo, makasitomala akudikira misomali.

Lolemba achemwali anabwera ndi ngolo. Munali mpando weniweni wozungulira, wong'ambika pang'ono pokhalira, makina ometera, galasi lalikulu, zipeso ndi mathawulo anayi. Anali atamulembetsanso ku maphunziro aulere a zometa amene khonsolo inkachititsa masana. Mpala anagwira mpandowo misozi ili m'maso, ndipo sindikumunena, inenso ndikanalira.

Koma walira mvula walira matope. Pansi pa mathawulo panali chikatoni cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo achemwali anachikhoma pambali pa galasi. Kudzuka: faifi koloko. Anzako akale: ayi. Wailesi ya mpira: ayi. Buluku: lakuda lokha. Madzulo alionse kukaonekera kunyumba kwa achemwali n'kufotokoza za tsikulo. Lumo: ayi, mpaka iwo atanena.

"Achemwali, popanda lumo ndimeta bwanji khosi? Mayi a mwana anati..."

"N'zokuthandiza iwe wemwe. Udzandithokoza."

Achimwene anatuluka, kuwerenga chikatonicho mpaka pansi, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ndende yakutsatira, mphwanga. Yangosintha yunifolomu."

Kasitomala woyamba anamubweretsa achemwali omwewo. Anali amuna awo, bambo wofatsa wa m'ofesi, amene pamutu pawo panatsala tsitsi lowerengeka lomwe ankalipesa mosamala kuchokera ku khutu lina kukafika ku linzake. Anafika atagwidwa lamba kumbuyo.

"Alamu, ungochepetsa pang'ono m'mbalimu," ananong'ona. "Pamwambapa usakhudze. N'zokhazi."

Mpala anavomera ndi mtima wonse. Koma dzanja limene layenda njira imodzi zaka zisanu silimva zonena. Makina atangolira, dzanja linanyamuka lokha kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo. Alamu anaona msewu ukutseguka pakati pa mutu wawo ndipo sanakuwe, anangotseka maso. Panalibenso chochita koma kumaliza. Mwezi wonse anapita kuntchito atavala chipewa, n'kumauza anthu kuti ndi chimfine.

Madzulo Mpala anawoloka msewu.

"Mayi, mwaona? Munthu wamkulu, wanzeru zake, wodziwa zonse."

"Ndaonanso dzanja la achemwali anu pa lamba wawo," anayankha telala osakweza mutu. "Ameneyo sanabwere. Anabweretsedwa."

Mpando watsopano unayamba kukopa alendo, anthu ongodutsa osamudziwa. Apa ndi pomwe Mpala anayamba kachitidwe kamene kanatsala pang'ono kupengetsa abale ake. Munthu akakhala, iye ankamuveka thawulo bwinobwino, kuimirira patsogolo pake, n'kunena mwaulemu:

"Bambo, ndisanayambe ndikuuzeni. Ndinamangidwapo zaka zisanu. Ndinadula munthu khutu."

Woyamba anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya madzi pamoto. Wachiwiri anati akungokasintha malaya, ndipo mpaka lero akusinthabe. Wachitatu, bambo wonenepa wa chikwama, anadzambatuka liwiro la mtondo wadooka, thawulo likuuluka m'khosi, manja onse awiri atagwira makutu. Mathawulo anatsala atatu.

"Iwe, wakufunsa ndani?" anakalipa achimwene. "Kukhala chete ndi ufulu wakonso! Meta munthu, akupatse zako, azipita."

"Ndikulembera kalata yokuchitira umboni," anatero achemwali. "Uzingowaonetsa, pakamwa utseke."

Mpala anapukusa mutu. "Zaka zisanu ndameta anthu opanda kothawira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandisankha. Amene ndikumufuna pano ndi woti angathe kuthawa koma osathawa."

Abale awiriwo anayang'anana. Kanali koyamba m'zaka zambiri kugwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti mng'ono wawo mutu sukuyenda bwino.

Kusukulu ya zometa nako kunali zake. Mphunzitsi anali mayi wamfupi waukali, wokhala ndi sizasi m'thumba lililonse. Ophunzira ankayeserera pa mitu ya zidole, ndipo pa mayeso oyamba Mpala anabweza chidole chake chikuwala ngati dzira. Kalasi yonse inagwa ndi phwete.

"Bambo inu," anatero mphunzitsi, "tsitsi si mdani. Lina timalisiya."

Mpala analephera. Anabwereza. Chidole china sanamupatsenso, choncho ankayeserera pa chilichonse chokhala ndi ubweya. Maburashi a utoto a m'sitolo anayamba kupezeka atametedwa m'mbali. Chokolopera cha achimwene chinatuluka m'mawa wina chili ndi mzere wowongoka bwino kumanzere. Pang'ono ndi pang'ono dzanja linaphunzira kuima. Pa mayeso achiwiri anakhoza, ndipo mayi waukali uja anamupatsa sizasi imodzi ya m'thumba mwake. Apa achemwali ananena zoona, ndipo tiwapatse ulemu wawo: popanda sukulu ija, Mpala akanakhala mfulu wometa mpala mpaka imfa.

Asanasangalale n'komwe, kunabwera bambo wa khonsolo, wa tayi ndi fayilo ya mapepala kukhwapa. Anafuna chiphaso. Mpala analibe. Kuti apeze chiphaso, anati, pafunika kalata ya kupolisi yakuti sanapalamulepo mlandu.

"Koma bwana, ndi ofesi yanu yomwe yandiphunzitsa kumeta."

"Imeneyo ndi khomo lachitatu. Ine ndine wa khomo lachisanu."

Anakweza mpando pa galimoto n'kupita nawo.

Achemwali anati asadandaule, alemba kalata ku komiti, ndipo komitiyo imakumana pakatha miyezi itatu iliyonse. Koma achimwene, amene mpaka tsikulo anali asanakwezepo chala pa nkhani ya mng'ono wawo, anasanduka munthu wina. Maso anafiira. Anatseka sitolo masana dzuwa likuswa mtengo, chinthu chimene sanachite ngakhale pa tsiku la ukwati wawo.

"Zoti analibe makina sizinali zanga," anatero akumanga zingwe za nsapato. "Koma zoti munthu amuimire patsogolo? Pakhonde panga?"

Anakakhala pa benchi ya ku khonsolo masiku atatu. Aliyense wotuluka m'ofesi, kaya ndi bwana kaya ndi wopanga tiyi, ankamufunsa funso limodzi: "Tandionetsani pamene palembedwa." Pakati pa mafunsowo ankasimbira anzawo a pabenchi nkhani ya misomali yopindika. Tsiku lachitatu mlembi wina, atatopa ndi misomaliyo, anatsegula buku la malamulo n'kupeza kuti kalata ya kupolisi imafunika kwa alonda onyamula mfuti, osati ometa. Wa tayi uja anali atasokoneza mafomu.

Anthu a mumsewu uja saiwala zimene anaona madzulo ake: mwini sitolo, mimba patsogolo, thukuta kamukamu, atasenza mpando wometera pamutu, chiphaso chili pakamwa. Anautula pakhonde n'kuloza Mpala chala.

"Usaganize kuti ndakuthandiza. Ndangochotsa chopinga."

Mwina kulimba mtima n'kopatsirana. Tsiku lotsatira achemwali atabwera kudzayendera, anapeza chikatoni chija chitazulidwa, chili chopindidwa bwino pampando.

"Achemwali," anatero Mpala, "mpando ndalandira. Sukulu ndalandira. Popanda inu bwenzi ndili pa chidebe. Koma mayi a mwana akufuna aone munthu wodzigwira yekha. Mukamandigwira inu, adzadziwa bwanji? Ngakhale ine ndidzadziwa bwanji?"

Achemwali anayang'ana chikatoni chija. Zinawapweteka, ndipo zinaoneka. Kenako anatola chikatoni chawo n'kuchiika kukhwapa.

"Mathawulo uzichapabe tsiku lililonse," anatero, n'kumapita.

Tsopano Mpala anali ndi zonse. Mpando, luso, chiphaso, lumo latsopano, ndiponso palibe womuimira patsogolo kapena womupumira m'khosi. Chimene chinasowa ndi chija abale sangakupatse ngakhale atafunitsitsa: munthu wofuna yekha. Miyezi inadutsa. Ena olimba mtima ankalola makina pamutu, maso ali pa dzanja lake, koma akangoona lumo ankati ndevu akametera kunyumba.

Kuti dzanja lisaiwale, Mpala anapempha anamwino a pachipatala china kuti Lamlungu masana azikameta odwala a m'wodi ya amuna mwaulere. Kumenekonso ankayamba ndi mawu ake aja. Pa bedi la pakona panali bambo wachikulire, dalaivala wa basi wopuma ntchito, wothyoka ntchafu, mwendo utakolekedwa m'mwamba ndi zingwe. Mkamwa mwake mokha ndimo munali mosathyoka.

"Khutu?" anatero dalaivalayo. "Ndikanakhala ndi miyendo bwenzi ndili kunja. Koma meta, ndevuzi zikundiyabwa. Ukandicheka, madokotala ali pompano."

Lamlungu lililonse ankamunyoza kuyambira pa thovu mpaka pa thawulo. Madzi azizira. Dzanja ngati la womanga nyumba. Ukupuma ngati basi pachitunda. Mpala ankangoti, "Pepani madala," n'kupitiriza. Anameta wodi yonse, mabedi makumi awiri, osatulutsa ngakhale kadontho ka magazi.

Anakauza mkazi wake monyadira.

"A m'chipatala?" anatero telala. "Omangidwa mwendo kudenga? Bambo a mwana, musandiseketse, ndili ndi singano pakamwa."

Tsiku limenelo Mpala anabwerera kumbuyo kwa sitolo, kukhala pa thumba la simenti, n'kulira ngati mwana. Miyezi isanu ndi inayi anali akuona chitseko cha nyumba yake tsidya la msewu, masitepe makumi awiri okha, akuona mwana wake akupita kusukulu n'kumubayibitsa ngati mmene amachitira ndi woyandikana naye nyumba. Anatopa. Anaganiza zosiya mawu ake aja, kapena kusiya zonse n'kupita kutali kumene sakumudziwa. Zimenezi ndikuzinena kuti mudziwe kuti anthu amene timawatamawa nawonso amafika pofuna kutaya.

M'mawa mwake anapeza kaphukusi pampando. Munali nsalu yometera, yakuda, yosokedwa bwino, yokhala ndi zingwe ziwiri zolimba zomangira m'khosi. Panalibe kalata. Anayang'ana tsidya lina, telala ali kalikiliki ndi makina ake ngati sakudziwa kanthu. Mpala anapukuta galasi, kunola lumo, n'kutsegula ngati masiku onse.

Panapita masabata ena asanu ndi limodzi. Lachitatu lina cham'mawa, kumapeto kwa msewu kunamveka kugogoda kwa ndodo. Go. Go. Go. Anali dalaivala uja, ndevu zili nyankhalala, akubwera pang'onopang'ono, akutukwana miyala ya mumsewu. Anafika, kupumira m'mwamba, n'kudzigwetsa pampando.

Mpala anamuveka nsalu n'kuimirira patsogolo pake.

"Madala, ndisanayambe ndikuuzeni..."

"Khutu, botolo, mpira, zaka zisanu. Wandiuza kakhumi, ndingathe kukuimbira. Tamvera iwe. Kuchipatala kuja ndinalibe kothawira. Lero ndili ndi miyendo itatu. Ndadutsa ometa atatu panjira. Woyamba amameta maso ali pa foni. Wachiwiri ananditema pachibwano chaka chatha n'kundiuza kuti ndagwedezeka ndine. Wachitatu sindikudziwa chimene anachitapo pa moyo wake, chifukwa sanena. Ine ndayendetsa anthu zaka makumi atatu, ndipo dalaivala amene ndimamuopa ndi uja amati sanagundepo kanthu. Tenga lumo. Makina ndi a ana."

Tsidya lina la msewu, makina osokera anaima.

Achimwene anatuluka ndi sikelo ya misomali m'manja. Achemwali, amene ankati akungodutsa ngakhale sukulu yawo inali mbali ina, anaima pafupi ndi chipilala. Wogulitsa nthochi anasendeza dengu lake. Palibe anatsokomola.

Mpala anapaka thovu. Dalaivala anagoneka mutu chagada, khosi lonse poyera. Lumo litayandikira, dzanja linaima, ndipo onse anaona. Mpala analibweza, kupuma kawiri, kulipukuta pa buluku, n'kuyambanso. Ulendo uno linatsika mosalala kuchokera pansi pa khutu, kutsata chibwano, n'kufika pakholingo.

Kenako kunamveka phokoso lachilendo, ngati injini yakale ikukana kulira. Anthu anayang'anana. Phokoso linabweranso, lalitali.

Dalaivala anali atagona. Pakamwa yasa, lumo lili pakhosi, mkonono ukumveka mpaka m'sitolo.

Telala ananyamuka, kukutumula ulusi pa chitenje chake, n'kuwoloka msewu osathamanga. Anaima pambali pa mpando n'kuyang'anitsitsa nkhope ya bamboyo.

"Agona?"

"Agona, mayi."

"Anagona asanakhale, kapena atakhala?"

"Atakhala. Onsewa ndi mboni."

Mayiyo anayang'ana khosi loyera lopanda bala, kuyang'ana dzanja la mwamuna wake, kenako nkhope yake. Maso ake anali atadzaza, koma mawu anatuluka ouma ngati masiku onse.

"Malizani bwino, mbali iyi mwasiya. Mukatseka musambe m'manja. Chitseko chathu chimavuta masiku ano, mumachinyamula pang'ono pokankha."

Anabwerera ku makina ake. Mpala anayenera kudikira kaye pang'ono asanamalize mbali inayo, chifukwa munthu sameta khosi la mnzake maso ali ndi misozi.

"Mwaona?" anatero achimwene. "Munthu kungomusiya yekha!"

"Kumusiya?" anatero achemwali. "Pa mpando wa ndani? Ndi sukulu ya ndani?"

"Mpando umene ndinakaulanda ndine!"

"Mukusokosa," anatero dalaivala osatsegula maso, n'kupitiriza tulo take.

Awiriwo akukanganabe mpaka lero, ndipo ine ndinaleka kuwaweruza. Mpala ali ndi mipando itatu tsopano, ndipo awiri amene amameta nawo ndi anthu otuluka kumene iye anatuluka. Amawapatsa makina, kuwaphunzitsa poimitsa dzanja, akatero amawasiya. Loweruka pamakhala mzere, ndipo alamu aja amabwera okha, popanda wowagwira lamba.

Ndiye inu amene mwakhala pansi lero, wina akakupatsani mpando, landirani, si manyazi. Wina akakuimirani panjira popanda chifukwa, mufunseni pamene palembedwa. Koma dziwani kuti zikatha zonsezo pamatsala nthawi ina yowawa, imene palibe wokuletsani, palibenso chimene mukusowa, koma palibe akubwera. Ambiri amagwera pamenepo. Dzedzeredzedzere salingana ndi kugweratu. Dzukani m'mawa, tsegulani ngati masiku onse, nenani zoona ngakhale zikuthawitsireni anthu khumi. Wa khumi ndi mmodziyo mwina wanyamuka kale kwawo, akungochedwa ndi ndodo. Mtima wanuwo ugwireni, musautaye, kuti akafika akupezeni mwatsegula.